Kebulo Yafupikanso

Lolemba

Tadala waimba foni m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Akulankhula mothamanga, mpweya osaupeza. Kwaya ya ana a Sande Sukulu kwathu ku Thyolo inajambulidwa mwezi watha, ndiye aionetsa pa TV Loweruka lino, folo koloko madzulo. Iye ali mzere wakutsogolo, ndipo ali ndi ndime yoimba yekha. Mwana wanga ameneyo!

"Adadi, pali china chake ndinachita cha inu nokha. Sindikuuzani. Mukaone, kenako mundiuze."

Ndalonjeza. Mayi ake alanda foni: "Mwalonjezatu mwana. TV yanu ija ikugwira?" Ndati ikugwira. Si bodza kwenikweni, imayaka.

Ndinaigula kwa mnzanga wa ku ofesi atamusamutsira ku Karonga. Chifikireni m'nyumba muno ili phee patebulo, yofunda chitenje. Ukaiyatsa imaonetsa buluu ndi timawu tonena kuti palibe siginolo. Pa nkhani ya buluu sinandikhumudwitsepo.

Kwina koonera:
Kuvidiyo pano pa Bolero, ku Rumphi kuno. Loweruka ndi mpira. Wopempha kwaya ya ana pakati pa mpira atuluka atanyamulidwa.
Kwa anesi oyandikana nane. Dishi ilipo, eni ake ali patchuthi, pachitseko pali loko.
Pafoni. Netiweki ya kuno imandipeza ndikakwera pachulu, ndipo imabweretsa mawu okha.
Kwa a Msiska, tsidya la msewu. Eriyo ikuoneka pamtengo. Koma munthu wamkulu kukagogoda kwa eni, ati ndabwera kudzaonera TV? Ayi ndithu.

Basi, ndilumikiza yanga. Mlangizi wathunthu wa zaulimi, woti alimi a ku Hewe amandidikira pansi pa mtengo, ndingalephere kawaya?

Ndagula eriyo, kapulagi kamodzi kolowetsa kumbuyo kwa TV, ndi kebulo yakuda yaitali mpaka ndachita kuikoleka paphewa. Wogulitsa akuti: "Chophweka chomene, adada. Kawaya ka pakati kasakhudzane na tsitsi la mumphepete. Basi."

Madzulo mbatata ndi tiyi. Eriyo ndaiika pampando winawo kuti isapindike. Lero patebulo takhala awiri.

Lachiwiri

Kebulo ndi chinthu chobisa zambiri. Kunja khungu lakuda. Pansi pake tsitsi la waya lolukana. Kenako pulasitiki woyera, ndipo pakatikati kawaya kamodzi kofiirira. Ntchito ndi kusenda zonsezi popanda kuvulaza kawayako.

Zida: mpeni wa anyezi, lezala, mano.

Mpeni wadula zonse pamodzi. Lezala yadula kawaya ndi chala changa. Mano achita bwino kuposa onse, kungoti dzino lakumbuyo lija layamba kudandaula. Pansi pangoti mbwee tizidutswa takuda. Palibe kanthu, kebulo ndi yaitali.

Mlimi wina wa fodya wandipatsa mtengo wa bulugamu wotsala pachigafa chake. Ndaumangirira panjinga, ndikukankha kuchokera kumunda mpaka kunyumba. Pokhota ngodya ndatsala pang'ono kugwetsa mayi wogulitsa tomato.

Podutsa pa a Msiska, pakhonde padzaza anthu, kuseka mpaka kugwirana mapewa. Ndati, "Monile mose." Onse pamodzi: "Yewo, Alangizi." Kuseka kwathera pomwepo.

Ndi mmene zimakhalira chibwerereni kuno. Si anthu oipa, ulemu ndiye wawachulukira. Ndikaima, onse amasiya Chitumbuka n'kuyamba Chichewa kuti ndimve nawo, ndipo nthabwala ija imafera m'njira. Timatsala tikufunsana za mvula. Ndiye ndinaphunzira kudutsa msanga, ndisawaonongere macheza. Ndikafika pageti panga ndimamva kuseka kwayambiranso, mtima n'kuwawa pang'ono.

Kuimika mtengo wekha ndi ndewu. Wandigwera paphewa, wagwera pamalata, kenako wavomera. Ndaumanga kunsanamira ya khonde ndi mphira za chubu. Eriyo pamwamba, yoloza komwe ikuloza ya a Msiska, poti iwo ndi eni dera. Kebulo yadzera pawindo mpaka patebulo. Kapulagi kalowa bwinobwino.

Ndayatsa. Buluu.

Lachitatu

Ndabwereranso kwa wogulitsa. Akuti vuto si kebulo, ndi kolozetsa. "Wina azizunguza mtengo panja, wina azikuwa m'nyumba. Muli bangati kunyumba, adada?" Ndati ndikaona.

Ndimadziwa bwino zimenezo. Kwathu ndi mmene tinkachitira mphepo ikasuntha eriyo. Ine panja ndi mtengo, mayi a Tadala pawindo, Tadala pamphasa maso pa TV. "Pang'ono! Pomwepo! Aa, mwapitirira, bwererani!" Ndinkakwiya nawo kuti sakudziwa kulamula. Lero ndikanalipira kuti munthu andikalipire choncho.

Njira yoyamba: kuzunguza pang'ono, kuthamangira m'nyumba, kuyang'ana, kutuluka. Ndachita mpaka malaya kumata pamsana. Galu wa anesi wakhala pansi kuti aonere bwino.

Njira yachiwiri: galasi lometera ndevu. Ndaliimika pampando pakhomo kuti ndiziona TV ndili panja. Nzeru zabwino zedi. Mphepo yochokera ku Nyika yabwera, galasi pansi, phwaa. Mawa ndimeta mongopapasa.

Njira yachitatu: kukweza voliyumu mpaka kumapeto, ndizimvera ndi makutu. Ndikuzunguza, ndikuzunguza. Pofuna kuona ngati ya a Msiska ikulozabe komwe kuja, ndapotoza mtengo mwangozi, ndiye m'nyumba mwanga mwamveka mwamuna akuti, "...mbewu zosiyanasi..." n'kuzima.

Munthu walankhula m'nyumba mwanga! Chichokereni anthu opopera mankhwala a udzudzu, mawu a munthu wina anali asanamvekemo. Ndathamanga kuti ndikamuone nkhope, phazi lakola kebulo, kapulagi kathothoka, ine ndafikira pachigongono.

Kusendanso. Mano akana, ndabwerera ku lezala. Kebulo siikufikanso patebulo. TV yasamukira pasitulo pafupi ndi windo.

Ndabweza eriyo kuti iloze ngati ya a Msiska. Lero yawoyo ikuoneka ngati yapenyako kwina, kusiyana ndi dzulo. Kapena ndi maso angawa.

Lachinayi

Ndapita kuntchito windo lili lotsekula chifukwa cha kebulo. Pobwera ndapeza mphepo yalimenyetsa, chitsulo cha windolo chadula kebulo pakati ngati mpeni. Chidutswa china chili m'nyumba, china chikulendewera panja.

Ndalumikiza ndi selotepi. Buluu. Ndamasula, ndapotanso, tsitsi lija lakhudza kawaya ka pakati. Buluu. Ndatukwana eriyo m'Chilomwe cha agogo anga, chimene ndimayesa ndinaiwala.

Ndakwera pachulu, ndaimbira mayi a Tadala, ndaulula zonse. Aseka mpaka kutsokomola. Kenako: "Bambo a Tadala, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu muli nawo pafupi, apempheni. Mwana wauza kale kalasi yonse kuti adadi ake akaonera ku Rumphi."

Chabwino. Mnzanga wina wa ku ofesi wandiphunzitsa mawu ake m'Chitumbuka: nkhupempha wovwiri, ndiko kuti ndikupempha thandizo. Ndawabwereza posamba, povala, podutsa msewu.

"Odi."

"Odini, Alangizi!"

Onse aimirira. Andipatsa mpando wokhawo wa khushoni. A Msiska, mkulu wa mpingo, avula chipewa. Akazi awo, a NyaLuhanga, atuma madzi akumwa pa thireyi. Ndisanatsegule pakamwa, a Msiska akuti mwachita bwino kubwera, anankafumbwe atilowera m'chimanga, tichite bwanji? Ndiye ine, chitsiru cha boma, ndakhala tsonga n'kuyamba kulangiza. Kuyanika, kupeta, mankhwala, matumba. Anthu akugwedeza mitu. Wovwiri uja wabwerera kummero.

Potsanzika ndayesa kulowera chapatali. Ndati eriyo yanu ija imakoka bwino? A NyaLuhanga aseka. TV yawo inapsa ndi mphenzi dzinja la chaka chatha. Mtengowo anausiya chifukwa amamangirirapo chingwe choyanikira zovala. Akachapa mabulangete eriyo imapenya ku Hewe, akachapa zopepuka imabwerera.

Sabata yonseyi ndakhala ndikulozetsa eriyo yanga motsatira zochapa za a NyaLuhanga.

Andipatsa nthochi za m'manja. Ndati, "Yewo chomene." Ndatuluka osapempha kanthu. Nthochi ndadya ndekha pakhonde, eriyo ili pamwamba panga.

Lachisanu

Kapulagi kamwalira. Kasikuluwu kake kagwa pansi, nkhuku ya anesi yafika ine ndisanawerame. Kusitolo akuti tina tibwera Lolemba kuchokera ku Mzuzu. Lolemba! Kwaya idzakhala itavula kale yunifolomu.

Chatsala ndi chidutswa cholendewera pamtengo chija. M'nyumba sichilowa. Ndayesa kutsitsa eriyo kuti kebulo italike, koma mapiri a kuno salola eriyo yaifupi. Ndiye ngati kebulo siipita kwa TV, TV ipite kwa kebulo. Tebulo pakhonde, situlo patebulo, TV pasitulo, msana wake kunsanamira. Magetsi ndakoka ndi ekisitenshoni ya ayironi.

Popanda pulagi, kawaya ka pakati ndikukalowetsa m'kabowo ndi dzanja lamanja, tsitsi lija ndikulikanikiza m'mphepete mwa kabowo ndi lamanzere. Ndanjuta kumbuyo kwa TV, pakati pa tebulo ndi nsanamira. Kuzunguza mtengo pang'ono, kunjuta, kumvetsera. Kuzunguzanso. Eriyo itapenya kum'mawa, pampata wa mapiri, mayi wina wayamba kuwerenga nkhani, mawu oyera ngati ali pakhonde pompano.

Yagwira!

Ndasiya waya, ndathamangira kutsogolo. Ndapeza theka la nkhope ya mayiyo litauma, pakamwa pali yasa, kenako buluu.

Zomwe ndayesa kuti waya akhale yekha:
Machesi. Athyokera m'kati, ndawatokosa ndi singano.
Pegi ya zovala. Yathawa.
Chingamu. Musayese.
Mphira. Yakoka kwambiri, kawaya kaduka, ndasendanso.

Tsopano kebulo yachita kuti nga, yongokwanira kufika pakabowo. Ndikagwira ndi manja awiri, TV ikulankhula. Ndikasuzumira kutsogolo ngakhale pang'ono, phewa likusuntha, zonse zikuzima. Galasi lija ndi limene likanandithandiza pano.

Madzulo ndili pachulu, Tadala waimba foni. "Mawatu, adadi. Musaphethire." Ndati sindiphethira. Atadula ndakhala pachulu kanthawi, osafuna kutsika. Ndamusowa mwanayu, ndipo mawa ndikuopa.

Loweruka

Ndasamba, ndameta mopapasa, ndasita malaya oyera. Ngati kuti mwanayo azindiona.

Masana ndatulutsanso katundu pakhonde. Tebulo, situlo, TV. Ndikusesa pansi, ndikumva "Odi" pageti. A Msiska, manja kumbuyo.

"Timati kapena mukusamuka, Alangizi. Katundu panja dzulo, katundu panja lero."

Za Chitumbuka zija zauluka. Ndangoti, "Mwana wanga aimba pa TV folo koloko. Ndili ndekha, sindikutha."

Andiyang'ana, ayang'ana mtengo, atembenukira kumsewu n'kukuwa mawu angapo m'Chitumbuka. Posakhalitsa mipando yayamba kuwoloka msewu. A NyaLuhanga ndi mpando kumutu, apongozi awo ndi benchi, mayi wa tomato uja, aphunzitsi awiri, ndi ena oti ndimangowadziwa misana. Bwalo langa, lomwe limangodziwa galu wa anesi, ladzaza.

Mphepo yayamba. A Msiska akumbatira mtengo. Ine ndanjuta malo anga. A NyaLuhanga aima kutsogolo, manja m'chiuno. "Pachoko! Pachoko! Penepapo! Aa, mwajumpha, weraniso!" Sindikusowa womasulira. Ndi nyimbo yomwe ija ya kwathu, mpaka ndaseka ndekha kumbuyo kuno.

Chithunzi chabwera, anthu awomba m'manja. Mphunzitsi mmodzi akuti, "Bwerani kutsogolo, Alangizi, ndigwire ine." Tasinthana. Buluu. Wayesa mnzake. Buluu. A NyaLuhanga ayesa, kawaya kapindika. Ndakawongola ndi mano, ndalowetsa, yagwira. Zala zanga zokha ndi zimene zaphunzira kapendekedwe kake sabata yonseyi. Nthawi yakwana. Ndati basi, tisayesenso, kangaduke tonse tingaluze.

Oulutsa atchula Thyolo. Ng'oma yayamba. Ana ayamba.

Ndikuona fumbi la kumbuyo kwa TV, timabowo totulutsa kutentha, ndi kangaude mmodzi. Ndikakweza maso pamwamba pa tebulo, m'mbali mwa situlo, ndikuona nkhope za anthu a ku Bolero zikuwala.

Wina akufunsa kuti mwanayo ndi uti. Ndati mzere wakutsogolo. Akuti kutsogolo alipo ambiri, onse avala zoyera. Sindingaloze, manja onse ali pantchito.

Kenako kwaya yatsika, patsala mawu amodzi. Ochepa, onjenjemera poyamba, kenako olimba. Ndawadziwa asanamalize liwu loyamba. Ndi omwe ankaimba m'bafa mpaka madzi kuzizira.

Ndime itatha, a NyaLuhanga adumpha pampando. "Uyo! Mwana winu ni uyo!" Bwalo lonse lagwa ndi phwete. Ndikufunsa kuti wachita chiyani, wachita chiyani, palibe wondimva. A NyaLuhanga azungulira tebulo, aima pamene ndingawaone, aweramitsa mutu pang'ono, n'kusisita pakati pa mutu ndi chikhatho, kawiri, pang'onopang'ono.

Dazi langa.

A Msiska, ali chikumbatire mtengo: "Ndimwe ndendende, Alangizi. Mukamadutsa pamsewu mumatero. Tikati monile mumatero. Ife timati bwana amakonda kukhala yekha, tisamuvute."

Misozi yatsika mpaka m'kolala ya malaya ositawo. Kupukuta sindingathe, ndingazimitse mwana wanga anthu akumuonera. Ndagwira waya mpaka nyimbo yatha, mpaka oulutsa atsanzika.

Posiya, zala zakana kuwongoka. Kawaya kathyokera m'kabowo.

Anthu sanachoke msanga. Akhala pabwalo panga dzuwa mpaka kulowa, akukambirana za kwaya, wina akuyeserera kusisita mutu, onse n'kuseka. Aiwala kundisinthira chilankhulo. Ndakhala pakati pawo pabenchi, osamva kanthu, ndipo sindinafune kuti akumbukire.

Lamulungu

Ndakwera pachulu ndisanapite kutchalitchi.

"Adadi, ndinachita chiyani?"

"Unasisita dazi."

Wakuwa mpaka foni kulira m'khutu. Akuthamanga m'nyumba monse kuuza mayi ake. Wabweranso: "Ndiye munandiona bwinobwino? Tsitsi langa munaliona?" Ndati Bolero yense anakuona, mwanangu, ndipo mawu ako ndinawamva onse, ngakhale pamene unapumira. Wakhutira. Mayi ake atatenga foni angoti, "Simunamuone eti?" Ndati ayi. 

Akuti pulogalamuyo sabwereza.

Sindinamuone mwana wanga. Mayi wa tomato anamuona. Galu wa anesi anamuona. A NyaLuhanga akuti ali ndi mpata kumano ngati ine, ndipo anamumanga maliboni awiri. Zimenezo ndizisunga, ndi zomwe ndili nazo. Zikundiwawa, ndisaname.

Zotsala:
TV, yabwerera patebulo, yafundanso chitenje, kawaya kali m'mimba.
Kebulo, yotalika ngati lamba wa thalauza.
Mtengo, wapendekeka, eriyo ikupenya pansi.
Ndevu, mbali imodzi.

Kapulagi ka Lolemba kabwere kapena kasabwere, zake zimenezo.

M'nyumba muli zii ngati kale. Koma pakhonde patsala mipando ya a Msiska ndi benchi lija, anaiwala kutenga dzulo. Ndikanatha kuwolotsa yonse ulendo umodzi, si yolemera.

Ndibweza umodziumodzi. Lero ndiyamba ndi waung'onowo.